Chaka Chimene Sitinadule Msondodzi

Ku mapiri a kumpoto kwa Tehran
18 Seputembala 2012

Okondedwa Bambo,

Salaam. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani m'mawa. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Moni kwa amake Hakima. Iwe Hakima, amene ukuwawerengera agogo ako kalatayi, usathamange ngati wakuona galu. Werenga pang'onopang'ono kuti amve.

Ndapatsira Sakhi, woyendetsa lole uja wa ku Herat, kangachepe. Mugule shuga ndi mafuta a nyale msewu usanayambe kuvuta. Mbatatesi musagulitse zonse pokolola, chaka chatha munadandaula mtengo utakwera.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. Pahotela pano akusesa mosungira katundu chipale chofewa chisanayambe kugwa. Atulutsa mulu wa matabwa otsetserekera pa chipale, a kufakitale, aja amabwereketsa kwa alendo. Akuti akalamba, akawataya. Bambo, mukanawaona. Ena ofiira, ena obiriwira, kunsi kosalala ngati galasi, m'mbali mwake muli chitsulo. Ndinapita kwa abwana chipewa chili m'manja, iwo anati, "Tenga, Afghani, undichotsere zinyalala." Ndasankha okwanira ana khumi ndi anayi.

Choncho chaka chino msondodzi musadule. Ndikudziwa kuti mukangomaliza kukumba mbatatesi mumatsikira kumtsinje ndi nkhwangwa. Ndimakuonani ngakhale ndili kuno: kuwaza, kusema ndi kasemasema, kuphika nsonga mumphika waukulu uja wa malemu amayi, kuzipinda pansi pa miyala, kenako kuumika kudenga milungu isanu. Fungo la msondodzi wophika silinandichoke m'mphuno. Amayi ankadandaula kuti msuzi ukumveka mtengo mpaka chipale chitasungunuka. Koma zaka makumi atatu zakwana mukusemera ana a mudzi wonse, ndipo chaka chilichonse matabwawo amathyoka, otsala n'kuthera pamoto kukazizira kwambiri. Manja anu atopa. Pumulani.

Hakima, amako anandiuza kuti a kalabu ya ku Bamiyan adzachititsanso mpikisano wotsetsereka pa 8 Malichi, ndipo atsikana atatu oyamba adzawatenga kuti aziwaphunzitsa bwinobwino, zida n'kuwapatsa. Chaka chatha unasiya m'mbuyo atsikana onse a m'chigwa chathu uli pa matabwa amtengo. Nanga ukadzakwera awa, adzakuona ndani?

Ntchito ikuyenda bwino. Monga ndinakuuzani, ndimakhala pafupi ndi matabwa tsiku lonse. Alendo a kuno amavala zimajombo zolimba ngati ndowa, poyenda n'kumadzandira ngati abakha. Olemera sasowa potayira ndalama.

Ndine mwana wanu,
Barat


27 Okutobala 2012

Okondedwa Bambo,

Salaam. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti mbatatesi zachita. Ine ndili bwino. Mukaona zilembo zikupendama musadabwe, zala zang'ambika. Ndi madzi a kuno.

Mwafunsa kuti, "Nanga phazi limamangidwa ndi chiyani?" Bambo, awa safuna malamba achikopa kapena misomali. Ali ndi zitsulo zawo, china kutsogolo china kumbuyo. Munthu amangoponda, chitsulo n'kugwira chokha. Mwanenanso kuti mudule msondodzi pang'ono, wa ana anayi kapena asanu, kuchitira mwina. Ndikukupemphani, musadule. Ana akadzaona a kufakitale, ndani adzayang'ane amtengo? Mungovutika pachabe m'madzi ozizira aja, bondo n'kutupanso. Komanso kumpikisano kumabwera alendo ojambula zithunzi, ndipo zithunzi zimayenda kutali. Ndisiyire pomwepo. Mungondikhulupirira.

Katundu wanyamuka Lachiwiri. Tinamukulunga m'mabulangete awiri akale, ine ndi Eshaq, mnzanga wa ku Yakawlang amene timagona chipinda chimodzi. Iyeyo pakamwa sipatseka.

"Iwe Barat, mkwatibwi ukumuvekayu ndi wa ndani? Akwawo akudziwa?"

Ndinati, "Gwira chingwe, ntchito yako ndi kulongolola basi."

"Kwanu akakumangira chipilala pamsika," iye anatero. "Adzalembapo kuti Barat, mwana wa a Chaman, amene anabweretsa zinyalala za ku Tehran pamsana pa bulu."

Tinaseka mpaka Sakhi anayamba kuliza hutala. Sakhiyo akuti ngati pachipata cha malire sipavuta, afika ku Bamiyan milungu itatu isanathe, kuchokera apo muyenera kutumiza abulu awiri.

Katunduyo akafika musamasulire m'nyumba. Muitane ana onse pabwalo la mzikiti, makolo awo akhalepo, ndipo mugawe ndinu. Ofiira amene ndamangapo kansalu ndi a Hakima.

Pomanga katunduyo ndinakumbukira tsiku limene munandiimika koyamba pa matabwa, pamtunda wa kuseri kwa khola la nkhosa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Munanditaya, kenako n'kuyamba kundithamangira, nduwira itamasuka ikukokeka pa chipale. Ndinakaima ndi mutu m'chitsamba chaminga, inu n'kufika mukupuma movutika, funso lanu loyamba n'kukhala lakuti, "Sanathyoke?" Mumanena matabwa.

Sabata yatha tinakhala masiku atatu osatuluka panja, kunabwera anthu ena ofunsa mapepala. Apita. Hakima, izi amako asamve.

Ndine mwana wanu,
Barat


11 Disembala 2012

Okondedwa Bambo,

Salaam. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Kuno chipale chagwa, alendo adzaza, nthawi yolemba ndi yochepa.

Ndamva kuti lole ya Sakhi inakhala pamalire mwezi wathunthu. Ndiye kuti katundu akufika masiku omwe ano, kapena wafika kale. Ngati kalatayi yam'pitirira, musamasulire pabwalo la mzikiti monga ndinanenera. Mumasulire m'nyumba, muli nokha. Zitsulo zija zikakhala ngati zikuvuta, musazikakamize. Pali kanthu kena kamene ndikufufuza.

Kodi kudenga sikunatsaleko msondodzi wouma wa chaka chatha, ngakhale zidutswa? Ndangofunsa.

Mafuta opaka bondo ndapatsira munthu amene wanyamula kalatayi. Mbaula muziyikoleza m'mawa, musamaumire ndowe zouma zokolezera, ndidzatumiza zogulira nkhuni.

Ndine mwana wanu,
Barat


20 Januwale 2013

Okondedwa Bambo,

Salaam. Ndikupempha Mulungu kuti mukhale muli bwino. Ine m'thupi ndili bwino.

Kalata ya Hakima yafika. Walemba zonse mosabisa, monga mmene amachitira. Akuti yanga inafika patadutsa masiku asanu ndi limodzi katundu atamasulidwa kale. Akuti mudzi wonse unabwera pabwalo la mzikiti, amayi ena atanyamula tiyi ndi masiwiti, inu mutavala chikhoti chanu cha pa Eid. Akuti munagawa mwana aliyense pomutchula dzina. Kenako ana anaponda ndi nsapato zawo zamphira, zitsulo osagwira. Anapondanso, osagwira. Amuna anagwada pa chipale kuyesa ndi mipeni, ena ndi zingwe, mpaka dzuwa linapendeka. Ndipo wina anafunsa mokweza kuti, "A Chaman, ndiye amtengo aja ali kuti?" Inu munatola mabulangete awiri aja, n'kuwapinda, n'kupita kunyumba.

Hakima, zimene zikubwerazi uwerenge zonse.

Bambo, ine sindigwira ntchito ya matabwa. Ndimatsuka mapoto. Khitchini yathu ili pansi pa nyumba, ndipo ili ndi kawindo kamodzi kolingana ndi nthaka ya panja. Matabwa ndimawaonera pamenepo, atatsamiritsidwa kukhoma, ndi miyendo ya anthu ikudutsa. Paphiri sindinakwerepo, ife opanda mapepala satilola kuonekera kumene kuli alendo. Nditafika kuno ndinakulemberani kuti ndili ku matabwa chifukwa ndinafuna kuti muzinena kumzikiti kuti mwana wanu akupitiriza ntchito yanu kunja. Mutandifunsa kuti phazi limamangidwa ndi chiyani, ndinakuyankhani zimene ndinaonera pawindo.

Zoona zake ndinazidziwa pa 9 Disembala. A Parviz, bambo wachikulire amene amakonza matabwa a hotela, anatsikira kukhitchini kudzatenga chakudya chawo chamasana. Ndi munthu wabwino, amanditchula dzina.

"Barat, katundu wa ana uja anafika?"

"Ali m'njira, bambo."

"Zili bwino. Nanga majombo unatumiza a masaizi anji?"

Ndinati, "Kwathu ana ali ndi nsapato zawo."

Anaika mbale pansi. Anandigwira dzanja n'kupita nane kogwirira ntchito kwawo, apuloni ili m'khosi. Anatenga jombo limodzi n'kundionetsa: lili ndi mlomo wolimba kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo chitsulo chimaluma pamenepo. Kenako anaika thabwa pansi n'kunena kuti, "Ponda ndi yakoyo." Ndinaponda ndi nsapato yanga ya kukhitchini. Inangopindika.

"Mphwanga," anatero, "wawatumizira galimoto yopanda matayala."

Sanaseke. Bwenzi zili bwino akanaseka. Majombo aja ndinawanyoza m'kalata yanga yoyamba, ndinkayesa ndi matama a anthu olemera. Ine ndinakulira pa matabwa anu, amene amalandira phazi lililonse, la nsapato kapena lokulunga nsanza, ndipo sindinaganize kuti pali thabwa losankha phazi. Patapita masiku awiri ndinakulemberani, koma ngakhale pamenepo sindinanene. Ndinafunsa za zidutswa za kudenga.

Pali chinanso, ndipo ndicho chachikulu. Chaka chatha amake Hakima ananditumizira chithunzi cha mwanayu atanyamula matabwa ake paphewa, aja munawakhomera zitini za mafuta kunsi. Ndinachionetsa kwa anyamata operekera zakudya, ndikunyadira. Chinayenda m'manja khitchini yonse. Wina anati, "Awa ndi matabwa otsetserekera kapena wazula mpanda wa khola?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anafunsa kuti, "Anapanga ndani?" Ine ndinati, "Sindikudziwa, mkulu wina wa kumudzi."

Ndinatero, Bambo. Eshaq anali pomwepo, anandiyang'ana, ndipo ndi tsiku lokhalo limene sananene kanthu.

Ndiye pamene ndinkalemba kuti manja anu atopa, bondo lanu litupa, sindinkanama kwenikweni, koma sichinali chifukwa chake. Sindinafune kuti Hakima ajambulidwenso pa matabwa anu. Inu munaona patali, munapempha kudula pang'ono, ine n'kukuletsani kawiri. Tsopano ana khumi ndi anayi alibe pokwera, ndipo kwatsala milungu isanu ndi iwiri kuti mpikisano uchitike.

Sindikupempha kuti mundiyankhe msanga. Majombo ndikusaka.

Ndine mwana wanu,
Barat


14 Febuluwale 2013

Okondedwa Bambo,

Salaam. Ndikhulupirira muli bwino ndi kuzizira kumeneko. Ine ndakhala ndi chifuwa masiku angapo koma chikutha.

Kakalata ka Hakima ndalandira. Mawu anu mulibemo. Ndamvetsa.

Akuti munayesa kuchotsa zitsulo pa thabwa limodzi kuti mukhomepo malamba anu, koma msomali utalowa linang'ambika, m'kati mwake mukuoneka zinthu ngati thovu louma. Akuti munayesa lachiwiri, chimodzimodzi, kenako munasiya. A Parviz akuti pamafunika choboolera chamagetsi ndi guluu wake. Hakima akutinso msondodzi wodula nthawi ino suuma, ndi madzi oundana okhaokha, ndipo m'mudzi monse mulibe thabwa louma losagwira ntchito. Ana akutsetsereka atakhalira matumba a feteleza. Iye akuti sakupita nawo, chifukwa kukhalira thumba sikuphunzitsa miyendo. Amangokwera phiri ndi kutsika wapansi kuti mpweya usamuthere.

Majombo atsopano ndinakawaona musitolo. Mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi iwiri, a mwana mmodzi. Ahotela sataya majombo pokhapokha atasweka. A Parviz anafukula pansi pa tebulo lawo n'kupeza awiri a munthu wamkulu, limodzi losweka chomangira, analikonza ndi waya. Anakana kulandira kanthu. Hakima, ndi aakulu kwambiri kwa iwe, udzavale masokosi atatu ndi kuika ubweya wa nkhosa kutsogolo. A Parviz andijambulira papepala mmene ungasunthire chitsulo chakumbuyo kuti chilingane ndi jombo, pepalalo lili m'jombo lakumanja.

Anyamuka dzulo pa lole ya Sakhi. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, pofika pa 8 Malichi mukhala mutafika?"

Anati, "Funsa a pamalire, ine ndimangogwira chiwongolero."

Ndinaganiza zobwera nawo ndekha. Eshaq anati, "Ukatuluka, chipata chimatsekeka kumbuyo kwako. Ndiye kwanu akadya majombowo?" Ndakhala.

Masiku ano kawindo kaja ndimakapatsa msana. Ana a kuno amadutsa ndi majombo ang'onoang'ono, apinki, a msinkhu wa Hakima ali ndi zaka zisanu. Ndimawamva kugunda kwake, sinditembenuka.

Makolo a ana enawo muwauze kuti cholakwa ndi changa, si chanu. Ndikudziwa kuti kwa inu kuyenda pamsewu wa kumzikiti masiku ano si chinthu chapafupi.

Ndine mwana wanu,
Barat


2 Epulo 2013

Okondedwa Bambo, ndi iwe Hakima,

Salaam. Chaka chatsopano cha kwathu, chimene chayamba mu Malichi, chikuyendereni bwino nonse. Ndamva kuti chipale chayamba kusungunuka ndipo nkhosa zitatu zaswa. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha.

Hakima, kalata yako ndaiwerenga kanayi. Ukuti majombo anafika pa 17 Malichi, mpikisano utatha kale. Uwasunge pouma.

Za chitseko sindinkadziwa. Ukuti m'mawa wina agogo ako anabwera ndi hamala, n'kuima pakhomo pa chipinda changa ndi amako, n'kufunsa kuti, "Apongozi, mungapirire mphepo milungu ingati?" Amako n'kuyankha kuti, "Gwetsani, mwini wake ali kotentha." Chitseko chimenecho anandipangira okha nditakwatira, iwe usanabadwe. Chauma zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ukuti chinatulutsa matabwa a atsikana atatu, koma mtengo wouma chotero unakana kupindika ngakhale anauphika tsiku lonse, ndiye kunsonga anakhomako zitini zopinda. Ndipo amako agona mwezi wonse wozizira kwambiri pakhomo atapachika chofunda. Amake Hakima, ndamva. Ndilibe mawu okuuzani.

Unayeserera masiku asanu ndi anayi okha, pamene anzako a m'zigwa zina anali pa matabwa kuyambira Disembala. Pa atsikana khumi ndi mmodzi unafika wachinayi. Ukuti pokhota komaliza nsonga yachitini inalowa m'chipale, unagwa, unadzuka, ndipo wachitatu anakupitirira uli pafupi kumugwira malaya. Atenga atatu aja. Ukuti aphunzitsi a kalabu anagwada kuyang'ana matabwa ako, anapeza bowo la loko pa limodzi, n'kufunsa amene anapanga, iwe n'kuloza agogo ako. Walemba kuti, "Ababa, musadandaule, ndinagwa ndekha." Ayi, mwanawe. Miyezi iwiri ndi theka imene sunakwere pa matabwa ndinakulanda ndine. Sindikudziwa ngati chaka chamawa adzatenganso atsikana, kapena ngati udzakhala usanapitirire msinkhu. Sindikulonjeza kanthu, malonjezo anga wawaona.

Kumapeto kwa kalata yako walemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti kalata yanga ya mu Januwale sunawawerengere yonse agogo ako. Za mapoto unawerenga, za majombo unawerenga, koma utafika pa chithunzi chija unadumpha, n'kupita pa moni womaliza. Ukuti unawayang'ana manja ali pamaondo, sunathe. Miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikuyesa kuti akhala chete chifukwa anamva. Ndinkavutika, komabe ndinkati ndaulula, zatha. Ndipo nditawerenga mawu akowo, chinthu choyamba chimene ndinamva mumtima ndi mpumulo. Ndinapinda kalatayo n'kunena kuti zikhale choncho. Ndakhala nazo masiku asanu.

Sindikukudzudzula. Unasenza katundu amene si wa mwana. Koma anthu anagwetsa chitseko osadziwa chimene anachigwetsera. Ndiye ndikupemphe kamodzi kenanso. Ndafupikitsa kuti usavutike. Ukhale pafupi nawo, mbali ya khutu lawo labwino.

Bambo, anthu ataseka matabwa anu pachithunzi, anandifunsa amene anapanga. Ine ndinati sindikumudziwa. N'chifukwa chake ndinakuletsani kudula msondodzi, ndipo n'chifukwa chake mdzukulu wanu anafika wachinayi.

Pakhomo paja musaikepo chitseko china. Kukutentha tsopano, chofunda chikwanira. Ntchito ya kuno itha alendo akamaliza kuchoka, ndipo ndikubwera. Ndidzapanga ndekha, ngati mungalole kundibwereka zida zanu. Chidzapendama, ndikudziwa. Mudzangoima chapafupi n'kumandiuza pamene ndikulakwitsa.

Ndine mwana wanu,
Barat